Khungu la Bwana Lili Pampando

Padangokhala. Amene muli nane vomerani. Amene mwangosiya jekete pampando n'kutuluka musavutike, livomera jeketelo.

Kalekale zinyama zidali ndi boma lawolawo, ndipo mukudziwa kuti pamene pali boma pamakhalanso maofesi, mizere ndi mawu aja akuti mubwere mawa. Ofesi ina yotchuka idali ya Ziphaso za Mauna ndi Zisa. Mbewa ikafuna kukumba una, njiwa ikafuna kumanga chisa, ngakhale chiswe chikafuna kukweza chulu, zimayamba zafika kumeneko kukatenga chiphaso.

Bwana wa ofesiyo adali a Nsato. Ndikuti adali bwana chifukwa ndi zimene zidalembedwa pachitseko, koma kuwaona ndi maso idali nkhani ina. A Nsato ntchito yawo idali misonkhano. Kumsonkhano kumakhala chakudya chamasana, ndipo nsato ikameza mbuzi yathunthu imagona miyezi itatu. Podzuka imapeza kuti msonkhano wina wakwana. Choncho chaka cha a Nsato chimatha ndi misonkhano inayi ndi tulo tinayi.

Koma sadali opusa ayi. Akafundula, amatenga khungu lakalelo n'kulikhazika bwinobwino pampando wawo, mutu uli chilili, magalasi ali pamphuno. Wosuzumira pazenera amaona kuti bwana alipo. Ndipo pofuna kutseka pakamwa amiseche, adalemba memo n'kuikhoma pachitseko. Memoyo imati khungu la bwana likakhala pampando ndiye kuti bwana alipo, ndipo lipatsidwe ulemu wonse wa bwana. M'munsi mwake adadindamo mamba a pamimba pawo, poti njoka ilibe dzanja, saini yake ndi mamba opaka inki.

Amene amagwira ntchito yonse muofesimo adali Enelesi Buluzi, wogwirizira udindo wa wachiwiri kwa bwana. Eni ake a udindowo, a Mbira, adaperekeza bwana kumsonkhano wina kumene chakudya chidachedwa kupsa, ndipo sadabwerenso. Fayilo yawo imati ali patchuthi. Buluzi adauzidwa kuti agwirizire kaye kwa milungu iwiri, ndipo milungu iwiriyo idakwana zaka zisanu ndi zinayi.

Kugwirizira mukukudziwa. Ndi zija mnzako amati tandigwirirako mwanayu ndikatunge madzi, iye n'kupita osabweranso. Mwanayo umlera, kumsambitsa, kumchezera akadwala, koma sadzatchedwa wako. Buluzi amafika m'mamawa, kusesa, kumva madandaulo, kulemba ziphaso m'malo mwa bwana, kuyanjanitsa mbewa ndi mfuko akakumana pansi pa nthaka. Dzina lake lidaiwalika. Apamzere onse amangoti Agwirizira, ndipo ngakhale kumaliro amalengeza kuti ufa uwu wabwera ndi Agwirizira. Iye amaseka nawo, koma zimamuwawa.

Apamzerewo adali ndi nyimbo yawo yopititsira nthawi. Amaitsogolera mayi Njiwa, amene mawu awo adali achisoni ngakhale akuimba zoseketsa. Mayi Njiwa amafunsa kumene kuli bwana, ndipo mzere wonse umayankha kuti khungu lili pampando, wofuna mwini wake abwere mawa. Mbalame zimaomba mapiko, mbewa zimaponda pansi, ndipo Buluzi amangopitiriza kulemba ngati sakumva.

Tsono chaka chimenecho kudabwera chikalata chochokera ku likulu. Chidati wogwirizira aliyense amene adzakhale opanda kalata yomukhazikitsa pampando pofika tsiku la mvula yoyamba, ntchito yatha, ndipo atuluke m'nyumba ya boma tsiku lomwelo. Kalatayo adinde mkulu wa ofesi, pamaso pa mboni ya udindo woposa wake. Mvula idali itatsala miyezi iwiri.

Buluzi adawerenga chikalatacho kawiri. Nyumba yake idali mng'alu wa pakhoma kuseri kwa ofesi, wouma bwino, wofunda, ndipo m'menemo mudali mazira ake asanu ndi limodzi. Mazira a buluzi sasamutsidwa pamvula. Akanyowa amasukusa.

Adalemba kalata yake mwaukhondo, n'kuiika m'fayilo, ulendo wa ku Thanthwe Lofunda kumene akuluakulu amachitira misonkhano. Kumeneko mboni sikadasowa. Adapeza a Nsato atadzipinda, mimba ili tuu.

"Pepani bwana, ndakudzutsani."

"Ndani?"

"Ndine Enelesi, bwana."

"Enelesi wake uti?"

"Agwirizira, bwana."

"Bwanji osanena. Ofesi wasiyira ndani?"

"Muli khungu, bwana. Ndabwera ndi kakalata kanga, kongofuna mamba anu basi."

A Nsato adatsegula diso limodzi. "Iwe wanyamula wekha fayilo yako? Zaka zonsezi sunadziwebe kuti fayilo siyenda ndi mwini wake? Ibwere ndi mesenjala. Ukafuna kukwera pantchito, mwana wanga, uzilemekeza ndondomeko. Langizo limeneli ndakupatsa laulere."

Buluzi adathokoza langizolo n'kubwerera. Atafika adapeza mzere uli pakati pa nyimbo ija, mayi Njiwa akufunsa, onse akuyankha za khungu ndi za mawa.

Mesenjala wa ofesiyo adali a Nkhono, bambo wachikulire, wofatsa, amene adalembedwa ntchito chifukwa sadatayepo fayilo ngakhale imodzi. Kungoti amafika nayo nkhani yake itatha kale. Adanyamuka ndi fayilo ya Buluzi Lolemba, n'kukafika ku Thanthwe patatha milungu itatu, ndipo poti panjira njala idawapweteka, adadyako tsamba loyamba. A Nsato adangoyang'ana n'kunena kuti fayilo yosakwanira sadinda.

Buluzi adachita kukawachingamira a Nkhono panjira, poopa kudikira milungu ina itatu.

"Achemwali, mundikhululukire," adatero a Nkhono, nyanga zili pansi. "Ndimati ndingolawa m'mphepete mokha. Koma pepala lanu lija linali lofewa."

Buluzi adafuna kukalipa, koma nthawi yokalipa padalibe. Adalembanso kalata, n'kuipereka m'manja mwa a Nkhono, kenako n'kuwabereka a Nkhonowo kumsana, liwiro mpaka ku Thanthwe. Adawatsitsa pamphuno penipeni pa bwana.

"Fayilo yabwera ndi mesenjala, bwana. Ine ndangobwera ndi mesenjalayo."

A Nsato adaiyang'ana nthawi yaitali, kufunafuna pogwira. Adapapeza.

"Satifiketi ya utsogoleri ili kuti? Masiku ano sitikweza munthu chifukwa choti amadziwa ntchito. Ntchito aliyense angathe kuidziwa. Pita kumaphunziro a a Chule ukakulitse luso."

Buluzi adapita. Maphunziro a a Chule adali a sabata yathunthu. A Chule sadatsogolerepo china chilichonse kupatula mbululu zawo, koma mawu adali nawo. Buluzi adaphunzira kuima mozungulira ndi anzake, kuomba m'manja katatu wina akanena zodziwika kale, ndi kulemba masomphenya ake papepala lalikulu lomata pakhoma. Adaphunziranso kugawana m'magulu kukakambirana zimene a Chule anena, n'kubwera kudzawauza a Chule zomwezo. Pamasomphenya iye adalemba kuti akufuna mazira ake asanyowe, koma a Chule adati amenewo si masomphenya, ndi vuto chabe, alembe kuti akufuna kukhala mtsogoleri wosintha zinthu. Adalemba, n'kulandira satifiketi. Pobwerera adapeza mzere watalika mpaka kuseri, ndipo nyimbo ija idali itapeza mawu ena owonjezera, onena kuti tsopano ngakhale Agwirizira ayamba misonkhano. Mawu amenewo adamulasa.

Ulendo wachitatu adabereka a Nkhono, a Nkhono atanyamula fayilo, m'fayilomo muli satifiketi. Kumwamba kudali kutayamba kuda. Adawapeza a Nsato ali maso, mimba itaphwa, akudikira msonkhano wina.

Adawerenga zonse, osapeza cholakwika. Ndiye poti njoka yanjala ilibe mphamvu zonamira, adanena zoona.

"Tamvera, Agwirizira. Ndikakukhazikitsa, mawa lomwe uyamba kuitanidwa kumisonkhano. Muofesi mutsala ndani? Wogwirizira amagwira ntchito ndi mtima wonse chifukwa ali ndi mantha. Ndikuchotsere manthawo, ndiye ine ndidalire chiyani? Akakuchotsa abweretsa wina, nayenso agwirizire zaka zake."

"Bwana, ndimvereni chisoni. M'nyumba muja muli mazira."

Lilime la a Nsato lidatuluka n'kubwerera. "Mazira? Angati?"

Buluzi adayamba kulongedza fayilo yake.

"Ukasowa powaika, bwera nawo kuno. Ndikusungira pabwino."

Buluzi adakumbukira a Mbira, amene adali patchuthi. Adabereka a Nkhono n'kuyamba kubwerera. Poyamba adali ndi mantha. Pofika paofesi manthawo adali atasanduka mkwiyo.

Mzere udali ukuimba. Zaka zisanu ndi zinayi Buluzi adaimva nyimbo imeneyi ngati phokoso chabe, koma tsikulo adaima pakhomo n'kumvetsera mawu ake. Mayi Njiwa adafunsa kumene kuli bwana. Onse adayankha kuti khungu lili pampando. Buluzi adayang'ana memo ija pachitseko, adayang'ana mamba odindidwa m'munsi mwake, kenako adalowa n'kukatembenuza khungu lija kuti aone kumimba kwake. Mamba adali omwewo, osasiyana ngakhale limodzi.

"A Nkhono," adatero, "ndani wa udindo woposa wa bwana amene angafike kuno mvula isanagwe?"

"Lachitatu kukubwera a Chipembere, oyendera maofesi. Akudzaona ngati ogwirizira ayamba kulongedza."

"Ndi bwana wotani?"

"Amenewo ndawanyamulira mafayilo zaka zambiri. Maso awo amathera pa nyanga yawo, kupitirira apo ndi nkhungu yokha. Amakonda kuyankhula, ndipo chimene amadana nacho ndi wantchito woyankha. Amafuna wogwedeza mutu."

"Wogwedeza mutu," adatero Buluzi, akuyang'ana khungu.

Adayamba ndi kulinenepetsa. Adatenga mafayilo onse amene amadikira maso a bwana kuyambira chaka chimene a Mbira adapita patchuthi, n'kuwalonga m'khungumo kuchokera kumchira mpaka m'khosi. Adakwana ndendende, ndipo khungulo lidaoneka ngati bwana wochokera kumsonkhano. Lidatsala vuto limodzi, loti mutu uzigwedezeka. Chingwe chikadaoneka, ndipo iye mwini amayenera kuima patsogolo ndi kalata. Adaganiza, adaganiza, mpaka maso ake adagwera pa mchira wake.

Mchira wa buluzi ukaduka umaphiriphitha wokha kwa kanthawi, ngati nthawi yowiritsira madzi a tiyi. Koma Buluzi mchira wake amaukonda. Udali wautali, wosalala, ndipo ndi umene umamuthandiza kuyenda pakhoma osagwa. Kuti umerenso pamafunika chaka, ndipo womeranso sukhala wokongola ngati woyamba. Adaupukuta kamodzi, n'kusiya kuuyang'ana.

"A Nkhono, inu nyamukani panopa. Yambani kukwera mpando wa bwana, mudzere kumsana, mukafike pamwamba pa mutu Lachitatu. Mchira ukadzatopa ndidzafuna cholemera pamenepo."

"Lero ndi Lolemba, achemwali. Mukundithamangitsa."

"Munadya tsamba langa, madala."

A Nkhono adayamba ulendo.

Lachitatu m'mawa kudacha kopanda dzuwa. Mabingu amamveka patali. Buluzi atamva pansi pakugwedezeka ndi mapazi a a Chipembere, adalumira mano, n'kudula mchira wake. Ululu udafika mpaka m'maso. Adaulowetsa m'khosi mwa khungu, adakonza magalasi, n'kukaima pakhomo atabisa chitsa cha mchira ndi fayilo.

"Takulandirani, bwana. Bwana wanga akukudikirani."

A Chipembere adalowa, felemu ya chitseko n'kutsala ikulira. Adatsinzinira kuyang'ana kumpando, ndipo adaona chinthu chachikulu chovala magalasi chikugwedeza mutu mwaulemu.

"A Nsato. Ndimamva kuti simupezeka paofesi."

Mutu udagwedezeka cham'mbali, uku ndi uku.

"Ndimadziwa kuti ndi miseche. Ntchito ikuyenda?"

Mutu udagwedezeka chotsika ndi chokwera.

"Pali chimene mukufuna kuti likulu likuthandizeni?"

Mchira udatembenuka m'khosimo, mutu n'kukana.

A Chipembere adakhala pansi ndi chimwemwe. "Maofesi makumi anayi ndayendera. Aliyense mipando, aliyense mapepala, aliyense denga likudontha. Lero ndapeza bwana wosapempha kanthu." Ndipo poti adapeza womvetsera, adayamba kufotokoza mbiri ya moyo wawo, kuyambira pamene adali kalaliki wamng'ono, mmene adakwerera chifukwa chodziwa kukhala chete pamaso pa akuluakulu, ndi mfundo zisanu ndi ziwiri za wantchito wabwino. Khungu limavomera mfundo iliyonse.

Buluzi amawerenga kugwedezeka kwa mutuwo ndi mtima wake. Pamfundo yachitatu udayamba kuchedwa. Pamfundo yachisanu umangonjenjemera. A Nkhono adali akadali pakhosi, thukuta lili kamukamu. Kudula mawu a a Chipembere kudali kuika mutu pansi pa phazi lawo, koma kudikira kudali kutaya mchira pachabe.

Adagwada. "Pepani bwana, ndakudulani. Bwana wanga andikodola. Akuti pali kakalata kamene amafuna kudinda inu mukuona, mvula isanagwe."

A Chipembere adapumira m'mphuno, mapepala n'kuuluka patebulo. "Uyu ndiye ndani?"

"Wogwirizira, bwana. Zaka zisanu ndi zinayi."

"Wogwirizira wodula akuluakulu mawu." Adatembenukira kumpando. "A Nsato, mayi ameneyu mukumuvomereza kuti akhazikike?"

Mchira udali utafa. Mutu udangoti zii.

Kunja bingu lidagunda pafupi, ndipo Buluzi adaganiza za mng'alu wake ndi mazira asanu ndi limodzi ali m'menemo osadziwa kanthu. Adafuna kulira.

"A Nsato, ndafunsa funso."

Nthawi yomweyo a Nkhono, kwa nthawi yoyamba chilembedwere ntchito, adafika pa nthawi yake. Adakwera pamwamba pa mutu, ndipo mutuwo udayamba kutsika pang'onopang'ono, pang'onopang'ono, mpaka chipumi chidagunda patebulo n'kukhala pomwepo.

"Taonani," adatero a Chipembere monong'ona. "Wayamba waganiza kaye, kenako n'kuvomera mpaka pansi. Achinyamata a masiku ano angaphunzirepo kanthu. Bweretsa kalatayo."

"Bwana wanga nyamakazi imawavuta, ndiye podinda ndimawathandiza," adatero Buluzi. Adapaka inki pa mamba a pamimba pa khungu, n'kukanikizapo kalata. A Chipembere adaifananiza ndi memo ya pachitseko, ataiika pafupi ndi diso, ndipo adapeza mamba ali amodzimodzi. Adaviika chiboda chawo mu inki n'kudinda ngati mboni.

Inki isanaume, pakhomo padamveka kukwawa. A Nsato adali atamva kuti kuofesi kwabwera mlendo wamkulu, ndipo pamene pali mlendo wamkulu pamakhala chakudya chamasana. Adachita kufunsa njira kwa apamzere, poti ofesi yawo adali ataiwala pamene ili.

"Takulandirani bwana Chipembere. Ndine mkulu wa ofesi ino."

A Chipembere adatsinzinira uku, adatsinzinira uko. "Mkulu wa ofesi ino ndi awa. Takhala tikucheza m'mawa wonse."

"Ilo ndi khungu langa chabe, bwana."

"Khungu?"

Buluzi adatsokomola pang'ono, akadali chogwada. "Bwana, ine ndine wamng'ono, mutu wanga sugwira zambiri, ndiye mundithandize. Memo iyi ikuti khungu likakhala pampando bwana alipo, ndipo lipatsidwe ulemu wonse wa bwana. Ife takhala tikuitsatira. Tsono ngati khunguli si bwana, ndiye kuti ofesi ino yakhala yopanda bwana zaka zisanu ndi zinayi. Likulu lifuna kudziwa kumene bamboo awa anali. Mwina lifunsanso za a Mbira, kuti tchuthi chawo chitha liti."

A Chipembere adatembenuza nyanga yawo kuloza kwa a Nsato. "Eya. A Mbira. Ndimafuna kufunsa."

A Nsato adayang'ana nyangayo. Adayang'ana memo, ndi mamba awo ali pompo. Adameza malovu, amene adali chakudya chokha chimene adameza tsikulo.

"Ndinasokoneza mawu, bwana. Bwana ndi amenewo."

"Nanga inu ndinu ndani?"

"Ine ndine, tingoti, wachibale."

"Mukufananadi," adatero a Chipembere. "Mwafika bwino. Bwana ngati uyu sangawonongekere kuno. Womvetsera, wosapempha, wosachoka pampando. Ndikupita naye ku likulu lero lomwe, akakhale mkulu wa maofesi onse a chigawo chino. Mpando wake ukhala wopanda munthu, ndiye inu wachibale mugwirizire kaye milungu iwiri. Koma mudziwe lamulo: wogwirizira sapita kumisonkhano. Mayi uyu ndi wokhazikika, azindilembera mwezi ndi mwezi ngati mukufika pantchito."

Adanyamula khungu mosamala n'kuliika pamsana. A Nkhono adatsetsereka n'kugwera m'dengu la zinyalala, kumene adapeza mapepala ofewa ndipo sadadandaule. A Chipembere akutuluka, madontho oyamba adagwa pa denga.

Buluzi sadadikire kuweruka. Adayenda chopepesuka, poti wopanda mchira khoma limamukana, adagwa kawiri, kachitatu n'kulowa mumng'alu wake. Mazira adali ouma. Adakhala pakati pawo kalata ili pachifuwa, chitsa cha mchira chikuwawa, mvula ikukhuthuka kunja, ndipo adalira kulira kumene adakusunga zaka zisanu ndi zinayi.

M'mawa mwake mzere udapeza a Nsato enieni ali pampando, cholembera chili kukamwa, akufunsa kuti chiphaso cha chisa chimasiyana bwanji ndi cha una. Mayi Njiwa adayambitsa nyimbo ija, koma atafunsa kumene kuli bwana, mzere udayankha kuti khungu lakwezedwa, mwini wake akugwirizira. Idakoma kuposa kale, ndipo ena amene ziphaso adali atalandira kale amabwereranso pamzere kuti aimbe nawo.

Milungu iwiri itatha a Nsato adayamba kufunsa za kalata yawo.

"Imeneyo adinda ndi bwana wa ku likulu," adatero Buluzi. "Lembani, tiike m'fayilo."

"Ndipita nayo ndekha. Mamba ake ndi anga omwe."

"Fayilo siyenda ndi mwini wake, bwana. Munandiphunzitsa ndinu. A Nkhono, konzekani, pali ulendo wa ku likulu."

A Nkhono adatulutsa nyanga imodzi m'chigoba. "Ku likulu ndi kutali, achemwali. Muwauze alembe pa pepala lofewa."

Kuyambira pamenepo njoka ikafundula imakabisa khungu lake kutchire, kuopa kuti lingakwezedwe iyo ikuona. Khungu lija ku likulu lidakwezedwanso kawiri, ndipo amene amapitako amati lilipobe, silinakanepo kanthu, silinalakwitsepo kanthu.

Mazira adaswa onse asanu ndi limodzi. Tsiku lina Buluzi akutsegula ofesi, kamchira katsopano kali kafupi ndi kokhota, adamva wina pamzere akuitana, "Mayi Enelesi, mwadzuka bwanji?" Iye adapitiriza kulimbana ndi loko. Mayi Njiwa adaitananso kachiwiri, kachitatu. Mpamene Buluzi adatembenuka, atakumbukira kuti dzinalo ndi lake.

"Agwirizira ali mkatimo," adatero. "Koma bwerani kwa ine, ndikuthandizani lero."

Yathera pamenepa nthano yanga. Amene ali ndi mafunso abwere mawa.